Kope la a Mose ku Mbenji

A Mose Kachiwanda anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye, pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Salima, ndipo pofika chaka cha 1952 panalibe munthu wa ku Maganga kapena ku Chitala amene sankawadziwa. Koma mukanafunsa anthuwo kuti a Mose ndani, ambiri sakanayamba ndi za malaya. Akanangoti, "Aja a mabuku aja."

Kuwerenga anakuyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa sukulu ya mishoni. Tsiku lina mayi awo anagula mchere wokulungidwa m'pepala long'ambidwa m'buku la Chingerezi. Mwanayo anawongola pepalalo n'kulimbana nalo sabata yathunthu, mpaka anamva kuti likukamba za munthu amene anapezeka atafa m'chipinda chokiya cham'kati. Pepalalo linathera pakati pa chiganizo, ndipo amene anapha munthuyo a Mose sanamudziwe moyo wawo wonse. Atakula anapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko lino, mu mzinda wa Sozibele, kumene anaphunzira kusoka ndi kunola Chingerezi chawo. Anabwerako mu 1938 ndi makina opalasa ndi mwendo komanso bokosi la mabuku opanda zikuto. Kuyambira pamenepo magadi a sitima yochokera ku Limbe ankawabweretsera mabuku amene azungu asiya m'mabogi, iwo n'kumawasokerera mabatani pothokoza.

Mabukuwo ankawasunga m'mabokosi atatu a sopo, kunsi kwa tebulo lodulirapo nsalu. Bokosi loyamba, lomwe linali lodzaza mpaka chivindikiro kukana, linali la nkhani zofufuza milandu: chinthu chabedwa kapena munthu waphedwa, ndipo wina wodekha mtima akufunsa mafunso mpaka wolakwa apezeke. Izi ndiye zinali za pamtima pawo. Lachiwiri linali la maulendo, za zombo zamatanga ndi anthu osochera m'zipululu. Lachitatu linali la nkhani zachikondi, ndipo a Mose ankanenetsa kuti limenelo si lawo, ndi la akazi awo a Agnes, amene iwo a Mose ankawamasulira Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi. A Agnes sankatsutsa, ngakhale ankaona kuti womasulirayo ndi amene amafulumira kutembenuza tsamba. Mabuku a mizukwa okha ndi amene sankagona pakhondepo.

"Wolemba akathedwa nzeru n'kuitana mzukwa kuti udzamumalizire nkhani, umenewo ndi ulesi," ankatero, n'kupereka bukulo kwa ogulitsa mtedza kuti azikulungiramo.

Kulemba kwawo kunayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Loweruka lina akufotokozera anthu nkhani ya ku Mangalande, mlimi wina wa thonje anafunsa kuti, "Kodi kuno kwathu sikuchitika milandu, kuti tizingomva za anthu ovala makhoti?" Lolemba lake a Mose anagula kope la ana asukulu ndi pensulo.

Anali ndi malamulo awo, ndipo ankawasunga. Ankalemba m'mawa dzuwa litangotuluka, asanavundukule makina, ali chiimire pa tebulo lodulirapo nsalu. Masamba atatu basi. Nkhani ikome motani, akafika pansi pa tsamba lachitatu ankatseka kope. Mapeto sankawadziwiratu. Ankati ngati iwo eni sakudziwa wakuba, womvera naye sangamudziwe. Masana a Agnes akabweretsa chakudya, ankawawerengera masamba a tsikulo akuwayang'ana kumaso, ndipo paliponse pomwe a Agnes atembenukira ku msewu ankakhwatchapo. Loweruka masana ankawerengera aliyense amene wafika pakhondepo.

Panali chizolowezi china chimene sankachitchula kwa anthu. Telala amayeza matupi tsiku lonse, ndiye amaona zambiri. Kumapeto kwa buku la miyeso a Mose ankalembako tinthu: wakuti phewa lake lamanja ndi lotsika, wakuti amatsokomola asanayankhe, wakuti amaseka atagwira pakamwa. Akafuna munthu woika m'nkhani ankatsegula kumeneko n'kusankha.

Mu Juni chaka chimenecho anali pakati pa nkhani ya chilimira, ukonde waukulu wophera utaka, chimene chinabedwa pa doko la mudzi wongopeka. Kope loyamba linali litadzaza. Tsiku lina kunabwera Lenard, msodzi wa ku Maganga amene anaphunzira kuwerenga ali ku usilikali. Anali paulendo wa ku Mbenji, chilumba chimene asodzi amakakhala miyezi ingapo nyengo ya utaka.

"A Mose, kumeneko mphepo ikavuta timangokhala osowa chochita," anatero Lenard. "Tabwerekeni kope lija ndizikawerengera anzanga."

"Silinathe. Wakuba sanapezeke."

"Ndiye kukoma kwake. Azikakangana okha."

A Mose anasangalala kuti nkhani yawo iwoloka nyanja. Anakulunga kopelo m'kansalu n'kumupatsa.

Patatha masabata atatu, Lachiwiri lina dzuwa lili pamutu, mayi wina anaima kutsogolo kwa makina. Mapazi ake anali oyera ndi fumbi la msewu wa kunyanja. Sanabwere ndi nsalu yosoketsa.

"Ndinu a Mose olemba nkhani?"

"Ndine, mayi. Takhalani pa benchipo."

"Sindikhala. Ine ndine Saida, mkazi wa a Omari osoka maukonde. Amuna anga anakulakwirani chiyani?"

A Mose anachotsa phazi pa makina. Omari ankamudziwa. Anali munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene anadzasoketsa jekete chaka chathacho.

"Palibe chimene anandilakwira. Chachitika n'chiyani?"

Saida anafotokoza zimene anamva kwa ogula nsomba ochokera ku chilumba. Chaka chathacho chilimira cha a Mustafa, mkulu amene Omari ankawagwirira ntchito, chinasowa pa doko ndipo sichinapezeke. Tsopano Lenard wawerenga kope lija pamaso pa anthu onse. M'nkhanimo muli wosoka maukonde wamanzere, wamtali, amene amaluma ulusi ndi mano m'malo moudula ndi mpeni, ndipo ndi amene anaoneka pafupi ndi chilimira tsiku lomwe chinabedwa. Anthu atamva anangotembenuka onse n'kuyang'ana Omari.

"Akuti telala amamva zonse pakhonde, ndiye akudziwa kanthu koma akuopa kutchula dzina," anatero Saida. "A Mustafa awachotsa pa ntchito. Akudya okha. Kubwerera kuno akukana, akuti akachoka anthu anena kuti athawa. Wallahi, amuna anga sanabepo ngakhale mbedza."

"Mayi, imeneyo ndi nkhani chabe. Ndiponso wamanzereyo si wakuba. M'nkhani za mtundu umenewu, munthu amene aliyense akumuloza pakati pa buku sakhala wolakwa. Amaikidwamo kuti womvera asochere."

"Zimenezo mukuzidziwa ndinu, owerenga mabuku. Asodzi akuzidziwira kuti?"



"Ine ku Mbenji sindingapite, mukudziwa kuti mkazi saponda kumeneko," anapitiriza Saida. "Ndikanatha ndikanapita dzulo. Wakubayo ndani, kuti nditumize uthenga?"

"Sindinamudziwe. Sindinafike pamenepo."

Saida anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akuyang'ana munthu wodwala mutu.

"Nkhani mukulemba ndinu, koma wakuba simukumudziwa?"

"Ndi mmene ndimalembera. Koma imvani, mayi. Pofika Lachisanu ndikhala nditamudziwa, ndipo uthenga simutumiza ndinu. Ndipita ndekha."

Mayiyo atachoka, a Mose anavundikira makina. Anauza mwini sitolo kuti mathalauza a anthu adikire, n'kutulutsa kope lachiwiri. Lamulo la masamba atatu analiswa tsiku lomwelo. Analemba mpaka pensulo inafupika, nainola ndi lezala, n'kupitiriza. Pofika Lachitatu masana wofufuza wa m'nkhanimo, yemwe anali kalaliki wopuma ntchito, anali atasonyeza kuti wamanzere uja anapita pa doko kukatenga singano yake yosokera maukonde imene anaiwala, basi. Chinatsala ndi kutchula wakuba. A Mose anali atayamba kumuona m'maganizo: mkulu wa bwato, wa mawu aakulu, amene anabisa chilimiracho kuti anamizire mnzake.

A Mose atawawerengera masambawo n'kuwafotokozera za mkuluyo, a Agnes anamvetsera osatembenukira ku msewu ngakhale kamodzi. Atamaliza anafunsa kuti, "Mawu aakuluwo munawatenga kwa yani?"

A Mose anakanda m'mutu. "Kwa mkulu wina wa ku Maganga."

"Ali kuti pano?"

"Mwina ali ku Mbenji."

"Ndiye mukukachotsa mlandu pa mutu wa wina n'kukausenzetsa wina. Bambo, aliyense amene mumuike pamenepo, anthu aja akamupeza pakati pawo. Mukati wamfupi akapeza wamfupi. Mukati wadazi akapeza wadazi."

"Nanga nkhani ithe yopanda wakuba? Imeneyo si nkhani."

"Sindinatero. Mufune munthu amene sangachotsedwe pa chilimira, chifukwa pa chilimirapo palibe."

Anatero akuwayang'ana kuyambira ku magalasi omanga ndi ulusi mpaka ku tepi yoyezera imene inali pakhosi. A Mose anazindikira, ndipo anaseka mpaka mwini sitolo anasuzumira pakhomo.

Koma sanafulumire kulemba. Kwa iwo nkhani yofufuza mlandu inali ndi chilungamo chake: wolakwa ayenera kukhala munthu amene womvera anamuona kale, osati wongotulukira kumapeto. Anayamba kukumbukira kope limene linali ku chilumba, tsamba ndi tsamba. Kenaka anamenya tebulo. Chakumayambiriro kwa nkhaniyo kunali telala wina amene anabwera pa doko ndi njinga kudzayeza thanga la bwato long'ambika. Anangomuikamo kuti doko lioneke la anthu, ndipo sanamutchulenso. Analipo tsiku lomwe chilimira chinasowa.

Lachinayi lonse anamanga mlandu pa telalayo. Anamupatsa msinkhu wawo, magalasi awo, ndi chizolowezi chawo cholankhula mapini ali pakamwa. Anamupatsanso nkhuku makumi awiri zimene mphamba ankaziwakha tsiku ndi tsiku, mpaka munthuyo anaganiza zoti ukonde waukulu ungathe kutchinga bwalo lonse.

Lachisanu m'mawa anakwera njinga kulowera kumpoto, mpaka pa doko loyang'anana ndi Mbenji. Anapeza boti lamatanga la wogula nsomba likukonzeka. Mwini botilo anawafunsa ngati anyamula mowa, poti nawonso sulowa pa chilumbapo, ndipo atatsegula thumba anapezamo kope, nthochi ndi malaya osinthira.

A Mose anali atawerenga mabuku a zombo osawerengeka. Ankadziwa mayina a mphepo za nyanja zimene sadzaziona, ndi mmene oyendetsa zombo amawerengera nyenyezi. Koma pa nyanja yakwawoyi anali asanapitirirepo madzi ofika m'chiuno. Mphepo ya mwera inali itayamba. Botilo likakwera funde mimba yawo inkatsalira m'munsi, likatsika inkakwera kukhosi. Nthochi zonse anazibweza m'madzi asanafike pakati. Dzanja limodzi anagwira m'mphepete mwa boti, lina anakanikiza kope limene analikulunga m'lona n'kuliika m'malaya.

"Ndimamva kuti mumakonda nkhani za m'nyanja," anatero mwini boti akuseka.

"Ndimazikonda ndithu," anayankha a Mose akupukuta pakamwa. "Koma olemba aja anabisa zambiri."

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Chifukwa cha mphepoyo mabwato onse anali pamtunda. Utaka unali mbee pa matandala, ndipo amuna anali m'magulumagulu pamithunzi ya misasa, ena akusoka, ena akungocheza. Asilamu anali atangomaliza swala ya Ijumaa, mapemphero awo a Lachisanu. Lenard ndiye anayamba kuwaona, ndipo anabwera akuyang'ana pansi.

"A Mose, sindinadziwe kuti zifika apa. Ndinayesa kuwauza kuti ndi zopeka, koma sanandimvere."

"Kulakwa si kwako. Kope lili kuti? Ndipo Omari ali kuti?"

Lenard analoza ndi mutu. Omari anali yekha pa thanthwe chapatali, akusoka kaukonde kakang'ono ndi dzanja lamanzere. A Mose anapita komweko.

"A Omari, moni. Ndabwera chifukwa cha inu."

Omari sanadzutse mutu. "Mwabwera kudzamaliza?"

"Eya, kudzamaliza. Ndikupempha mubwere mudzamve."

"Ndamva zokwanira."

A Mose sanakakamize. Anapita kwa a Mustafa, mkulu wa ndevu zoyera amene anakhala pa mkeka pakhomo pa msasa wawo, anawapatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti anthu asonkhane. Sipanafunike kuitana kawiri. Mbiri yoti telala wafika ndi mapeto inali itazungulira kale, ndipo posakhalitsa panali amuna oposa makumi asanu atakhala pamchenga. A Mose anaima ndi msana ku mphepo, anakonza magalasi, n'kuyamba.

Pa kuwerenga ndiye anali katswiri. Ankadziwa pokweza mawu, ndi poima kuti anthu ameze malovu. Kalaliki wofufuza uja atafunsa wamanzere chimene ankafuna pa doko, ndipo singano itapezeka pomwe ananena, anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Akumubisa." A Mose sanayankhe, anangopitiriza. Kalaliki anayenda mudzi wonse kufunsa mafunso ooneka opanda pake. Anafunsa chifukwa chake mphamba masiku ano akuvutitsa mabanja ena onse kupatula limodzi. Anafunsa amene anali ndi njinga pa doko tsiku lija. Lenard, yemwe anali ndi kope loyamba m'manja, anatsegula msanga masamba n'kufuula kuti, "Alipodi! Telala uja alipo apa!"

Kalaliki atafika kuseri kwa nyumba ya telala n'kupeza nkhuku makumi awiri zikutakataka pansi pa chilimira, a Mose anawerenga pang'onopang'ono maonekedwe a wakubayo: wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi wakuda, wolankhula mapini ali pakamwa. Anthu anayang'ana wowerengayo, anayang'ana magalasi ake, ndipo phwete linaphulika. Ena anagwa chagada pamchenga. Wina anakuwa kuti, "Mugwireni, wabwera yekha!"

A Mustafa okha sanaseke. Phokoso litachepa anakweza dzanja.

"A telala, nkhani yanu yakoma. Nanga chilimira changa chenicheni chili kuti?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndinamva kuti chinasowa monga anamvera wina aliyense. Zotsalazo zinachokera m'mutu mwangamu. Kunyumba kwanga kuli nkhuku zinayi, ndipo mukhoza kutuma munthu akaone."

"Nanga dzanja lamanzere lija? Ndi kuluma ulusi?"

"Zimenezo ndinazitenga kwa a Omari, tsiku limene anadzasoketsa jekete. Ndinaona akuluma ulusi umene unatsalira pa mkono wa jeketeyo, ndipo zinandisangalatsa. Ndimatero ndi anthu ambiri. Ndimatenga phewa la uyu, kaseka ka uyo, n'kupanga munthu amene kulibe. Koma apa ndinatenga zambiri kwa munthu mmodzi, osamupempha, n'kumuika pafupi ndi chinthu chobedwa. Ndinalakwa, ndipo ndanena pamaso panu nonse."

Mnyamata wina wa m'gulu la a Mustafa anafunsa kuti, "Ndiye inu mumafuna dala kuti tiganizire wamanzereyo?"

"Dala. Ndiyo ntchito ya nkhani zoterezi. Ndikusocheretseni mpaka tsamba lomaliza, kenaka muone kuti choonadi chinali poyera nthawi yonseyi. Amene akuoneka wolakwa pakati pa nkhani ameneyo ndiye woyera. Ndawerenga mabuku otere kuyambira ndili mwana, ndipo sindinapezepo limene linasiyana ndi zimenezi."

"Ndiye kuti tonse tinagwa m'mbuna," anatero wina, ndipo anthu anasekanso, koma mwamanyazi.

A Mustafa anasisita ndevu. Kenaka anaimirira, anadutsa pakati pa anthu, n'kuyenda okha mpaka pa thanthwe paja. Zimene anakambirana ndi Omari palibe anazimva. Anthu anangoona awiriwo akubwerera limodzi, Omari atanyamula singano yake, n'kukakhala pa ukonde waukulu umene unali utang'ambika chiyambire sabatayo. A Mose anamuyandikira kuti apepese pa iye yekha, koma Omari anangoti, "Ndamva," maso ali pa ntchito.

Anagona pa chilumbapo masiku awiri kudikira kuti mwera uchepe. Atabwerera ku Salima anapeza mathalauza ataunjikana, ndipo anawasoka onse asanagwirenso pensulo. Saida anatumiza utaka wouma m'kadengu, wopanda uthenga uliwonse. Masamba atatu a m'mawa anayambiranso. Chimene chinasintha n'chakuti kope losatha silinkachokanso pakhondepo, ndipo akatenga kanthu kwa munthu ankakasakaniza ndi za anthu ena atatu, mpaka a Agnes alephere kutchula mwini wake.

Mu Disembala, chilumba chitatsekedwa ndipo asodzi atabwerera kumtunda, Omari anatulukira pakhondepo Lolemba lina m'mawa. Anakhala pa benchi osaitanidwa.

"Nkhani ija sindinaimve bwino," anatero. "Poyamba ndinachokapo isanathe, pomaliza ndinali kutali. Ndiwerengereni yonse."

A Mose anasiya diresi limene ankapinda, natulutsa makope onse awiri. Anawerenga kuyambira pachiyambi, ndipo zinawatengera mpaka dzuwa kufika pamutu. Omari anamvetsera manja ali pa mawondo. Pa wamanzere paja sanasinthe nkhope. Pa nkhuku paja anamwetulira pang'ono.

"Yatha?"

"Yatha. Mwaiona bwanji?"

"Kalalikiyo ndamukonda. Safulumira. Koma pali bodza limodzi lalikulu."

"Liti?"

"Chilimira munayamba mwachinyamulapo?"

"Ayi."

"Ngakhale chouma, timachinyamula anthu anayi. Telala wamfupi ngati inu sangachikweze pa njinga. Njingayo ikanathyoka asanachoke pa doko."

A Mose anavula magalasi. Anaganiza za amuna makumi asanu aja, onse asodzi, akuseka pamchenga.

"Nanga bwanji panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena?"

"Onse anadziwa," anatero Omari. "A Mustafa anadziwa, Lenard anadziwa. Koma anali atatopa nako kundizemba. Ankasowa poyambira kuti andilankhulenso. Inu munabwera ndi nkhuku zanu, iwo n'kupezerapo mwayi."

A Mose anaseka, koma osati kwambiri. Sanali munthu wokonda kusiya cholakwa m'kope. Anatenga pensulo, natsegula pa tsamba la njinga, n'kukhwatcha mizere isanu ndi umodzi.

"Chabwino. Munthu mmodzi amene alibe bwato, alibe anzake, angachichotse bwanji pa doko?"

"Mukundifunsa ine za kuba?"

"Ndikukufunsani za kulemera."

Omari anayang'ana kumsewu, kumene ngolo ya ng'ombe inkadutsa itasenza matumba a mpunga. Anaiyang'ana mpaka inakhota pa siteshoni.

"Telala wanuyo ali ndi mlamu wake wa ngolo?"

"Akhoza kukhala naye."

"Ndiye mupatseni. Koma mlamuyo asakhale wamanzere."

A Mose analemba zimenezo m'mphepete mwa tsamba. Omari anasendera pafupi ndi tebulo n'kuyamba kufotokoza mmene chilimira amachipindira, mbali imene imayamba ndi imene imatsiriza, ndi chifukwa chake miyala yake amaimasula kaye asanachinyamule. A Agnes atafika ndi chakudya anapeza awiriwo akutsutsana za kutalika kwa chingwe, ndipo anabwerera kunyumba kukatenga mbale ina.